Gitala Pachipata cha Apongozi

Tsiku la matebeto Nsofwa anadzuka kusanayere. Anasesa pabwalo, anatunga madzi pampope wa aneba poti wawo unali utauma, anachapa matewera a Lombe nkuwayanika, anasiya phala la mwanayo pambaula kuti apongozi aakazi amudyetse akadzuka. Shati yoyera ya mwamuna wake, Chomba, anaisita ndi simbi ya makala chifukwa magetsi anali atapita dzulo lake osabweranso. Atatha zonsezi anamanga chitenje nkuyenda wapansi kuchoka ku Chamboli kupita ku Wusakile, kwa mayi ake aang'ono, Bana Katongo, kumene ntchito yeniyeni inkamudikira: kusosola nkhuku, kusinja mtedza wotendera, kusankha mphalabungu, kunyika nsomba zouma, kusefa chakumwa cha munkoyo ndi kuphika chikanda. Chikandacho sakanasiyira munthu wina. Ndicho ankagulitsa pasiteji ya minibasi chisiyireni sukulu, ndipo chikalimba mumphika ankachimva ndi mkono, osachita kusuzumira.

Tsikuli analilimbanira yekha. Pakhomo pa apongozi analowa ndi mimba, popanda ukwati, popanda nthungululu, atanyamula chikwama chimodzi ndi yunifolomu imene sanaivalenso. Lombe tsopano anali akuthamangathamanga pabwalo, koma apongozi aakazi akamacheza ndi anzawo a kutchalitchi ankanenabe kuti "mtsikana wa Chomba uja", osati Bana Lombe, kutanthauza make Lombe, monga atchulidwira mkazi wolandiridwa. Matebeto ndiwo akanakonza zimenezo. Akuchikazi akaphika chilichonse chodyedwa pamtundu pawo, nkuchisenza pamutu ndi ng'oma ndi nyimbo kukathokoza mkamwini pakhomo pa makolo ake, palibenso amene angafunse ngati mkaziyo ali ndi kwawo. Nsofwa sankafuna zambiri. Ankafuna kuti pakhomo paja aone kuti iye si wotola pamsewu, ali ndi anthu ake, ndipo anthuwo ndi aulemu.

Dzuwa litakwera pang'ono foni ya Bana Katongo inalira. Anamvetsera, nkhope ikugwa, kenako anangodziponya pampando.

"Amayi a ng'oma aja sabwera," anatero. "Mtsogoleri wawo wafedwa ku Mufulira, onse akwera basi."

"Ba Mayo, musaseke nane lero."

"Ndiseke nkhuku zili pamoto? Ndati sabwera."

"Ndiye tiombe zigubu. Chigubu chopanda madzi chimalira bwinobwino."

"Zigubu! Kunyumba kwa mkulu wa mpingo? Adzati tabwera kudzapempha madzi."

Ali mkati mokangana choncho, analowa bambo ake a Nsofwa, Ba Kapembwa, nkhuku ziwiri zili kukhwapa. Anali atavala jekete lawo lachikopa lija, long'aluka ngati zidendene za m'chilimwe, ndipo tsitsi lawo laimvi anali atalimanga kumbuyo ndi mphira wa njinga.

"Bwanji nkhope zagwa pano?" anafunsa. "Wafa ndani, poti ine sindinafe?"

Anaseka okha. Nthabwala imeneyi anali atainena kwa munthu aliyense mu Kitwe chitulukireni nyimbo yawo yatsopano. Masana Ba Kapembwa ankakonza mawailesi kumsika, koma paunyamata wawo ankaimba gitala m'gulu la roko lotchedwa Amalasha, masiku amene holo iliyonse ya kumigodi inkagwedezeka Loweruka. Pa anyamata asanu a gululo, awiri anali kumanda. Atatu otsalawo anachita kuwafukula mnyamata wina wa ku Lusaka, nkuwajambulitsa nyimbo imodzi yotchedwa "Sindinafe", ndipo mwadzidzidzi nyimboyo inali ponseponse, pawailesi, m'mafoni, m'maminibasi. Makondakitala a pasiteji ankamukuwira Nsofwa kuti, "Bana Lombe, mdala wako wapenganso! Tigawireko chikanda chaulere, ndiwe mwana wa munthu wotchuka!" Iye ankangodula chikanda chake osadzutsa mutu.

Sikuti anabadwa akudana nazo nyimbo zimenezi. Mayi ake atamwalira panalibe womusiyira, ndiye bambo ake ankapita naye kokonzekera kuimba, ngakhale nthawi imeneyo Amalasha anali atatsala oimba m'timabala ta kuseri kwa msika. Ankamukhazika pamwamba pa chimkuzamawu chachikulu chakuda. Gitala ikalira, phokoso linkamulowa kuchokera pansi nkukwera mpaka m'mano, iye nkumapukusa mutu mpaka mikanda ya m'tsitsi kumwazika, madoda aja akuseka nkumamutolera. Kwa iye nyimbo zinali zimenezo, zina zonse kunali kulankhula chabe. Tsiku lina anapukusa mutu womwewo kusukulu, panthawi yopuma, anzake nkumupatsa dzina loti Kakhunyu limene linamukakamira chaka chonse. Anasiya. Anayamba kukonda zimene anzake ankakonda, za ku Lusaka zovina ndi chiuno, zotumizirana pafoni kuseri kwa kalasi. Mimba itabwera zimenezonso zinamuchoka, analowa kwaya ya kutchalitchi kwa apongozi. Masiku ano nyimbo yabwino kwa Nsofwa inali imene siidzutsa mwana ndiponso siimitsa ntchito.

Apongozi ake sankadziwa chilichonse cha Amalasha. Wailesi ya pakhomo pawo inali yokhomerera pa nyumba youlutsira mawu ya mpingo. Ba Kapembwa anawaonapo kamodzi kokha, pankhani ya mimba ija, atavala jekete lobwereka ndipo tsitsi atalikwinyira m'chipewa. Ankawadziwa ngati munthu wofatsa wokonza mawailesi, ndipo Nsofwa sanaone chifukwa chowonjezera.

Bana Katongo atafotokoza za ng'oma, Ba Kapembwa anaika nkhuku pansi.

"Mukulirira ng'oma, Sikazwe ali moyo?"

Ba Sikazwe ndiwo ankaomba ng'oma mu Amalasha.

"Ba Tata, ayi," anatero Nsofwa.

"Sunamve n'komwe."

"Ndamva kale. Ayi."

"Mayo, munthu ameneyu anayamba kuomba ng'oma amako asanandikane koyamba. Ya matebeto ingamuvute? Akhoza kuiomba ali m'tulo."

"Ba Mulamu," analowerera Bana Katongo, "ngati ndi ng'oma yamanja yokha, yachikopa, mwina. Osati zitsulo zanu zija zokhala ngati mwagwetsa mbale."

"Yachikopa yokha."

"Lumbirani."

"Ndilumbire pa chiyani, pa nkhuku izi? Zikufa lero lomwe."

Nsofwa anayang'ana miphika, anayang'ana dzuwa. Nthawi yofunafuna ena inalibepo.

"Jekete ilo muvule," anatero. "Ndipo tsitsi lilowe m'chipewa."

Bambo ake anamuyang'ana kanthawi, dzanja lili pa zipi ya jeketelo.

"Chabwino, mayo. Tsiku ndi lako."

Mkazi mwini wake sayenda nawo pamdipiti, amadikira kuchipinda. Zakudya zitapsa Nsofwa anasamba, anabwerera ku Chamboli kudzera njira ya kuseri, nkukakhala pabedi ndi Lombe. Pabalaza panali Chomba mushati yake yoyera, atakhazikidwa pakati ngati mkwati, anzake owotcherera zitsulo atamuzungulira. Apongozi aamuna, Bashi Chomba, anali ataitana akulu a mpingo anzawo ndi akazi awo. Nyumba yonse inkanunkhira polishi ndi sopo.

Phokoso litayamba kumveka chapatali, Nsofwa anayesa ndi makina odulira zitsulo a kumsika. Kenako thupi lake linalizindikira mutu usanavomere. Anakwera pabedi nkusuzumira pawindo.

Amayi a kwawo ankabwera pamzere, onse m'chitenje chofanana, miphika ili pamutu itakutidwa ndi nsalu zoyera. Zimenezo zinali bwino, zinali monga anazilotera. Koma kutsogolo kwawo kunali wilibala, anyamata a pasiteji akulimbirana kuikankha, ndipo muwilibalamo munali chimkuzamawu chakuda chija ndi batire la galimoto. Ba Sikazwe anali ndi ng'oma yachikopa, monga analonjezera. Bambo ake anali atavula jekete, tsitsi lili m'chipewa, monga analonjezera. Pa zina zonse paja anakana kulumbira. Gitala inali pamimba pawo, mnzawo wachitatu ali pambali ndi gitala ina yonenepa mawu, ndipo kumbuyo kwa amayi a miphika kunali theka la Wusakile.

Pachipata Bana Katongo anayala chitenje pansi, gulu lonse nkuima. Mwambo wake ndi womwewo: akuchikazi salowa mpaka wina wa kuchimuna awashikule, aponye kandalama pachitenjepo kusonyeza kuti alandiridwa. Asanashikulidwe saponda pabwalo, satula katundu, ndipo nyimbo siima.

Bashi Chomba anatuluka pakhonde ndalama ili kale m'manja, akumwetulira kumwetulira kwawo kwa pakhomo pa tchalitchi. Anaona wilibala. Anaona gitala. Ndiye Ba Kapembwa anakweza mutu nkukuwa ndi mawu awo osasa aja:

"Sindinafe, sindinafe,
mwandikumbira dzenje msanga!"

Bashi Chomba anapinda ndalama ija bwinobwino nkuibweza m'thumba la shati.

"Ndalama yanga siigwera nyimbo ya m'bala," anauza mkulu wa mpingo amene anali pambali pawo. Sanakuwe, koma windo la Nsofwa linali pomwepo.

Mwini nyumba atabweza dzanja, panalibe wina wa kuchimuna amene akanatulutsa lake. Chomba sankaloledwa n'kudzuka komwe pampando. Nyimbo inapita mpaka kumapeto, gitala inalira kotsiriza ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako kunali zii. Ba Kapembwa anayang'ana pachitenje. Panalibe kanthu. Anayang'ana apongozi pakhonde, nkuwagwadira pang'ono mwaulemu, poganiza kuti mwina akufuna kumva zambiri, poti akuchimuna ena amachedwetsa dala kuti nyimbo ikome. Anagwedezera mutu Ba Sikazwe, nyimbo nkuyambiranso.

Anthu anachuluka. Aneba anakwera pamipanda, ogulitsa makala anasiya njinga zawo, mafoni anali m'mwamba. Kondakitala wina anaponya kobiri pachitenje. Bana Katongo, mphika uli pamutu, analikankha ndi chala cha kuphazi.

"Chotsa lako! Ndiwe wakuchimuna iwe?"

"Ndingokuthandizani, Ba Mayo, khosi lingathyoke!"

"Likathyoka ndi langa. Kakwatire kaye, udzaponye kwanu."

Anthu anaseka, nyimbo nkumapitirira. Itatha kachiwiri inayambanso, ndipo tsopano msewu wonse unkavomera kuti "sindinafe", ngakhale ana. Nsofwa ankaona thukuta likutsika m'makosi mwa amayi aja. Azakhali ena achikulire anali atayamba kusinthasintha miyendo, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Chikanda chikakhalitsa padzuwa chili chovundikira chimachita thukuta nkufewa. Nsomba yotendera simachedwa kusasa.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Analowa apongozi aakazi, nkuchitseka ndi msana.

"Iwe mtsikana. Bambo ako si okonza mawailesi?"

Nsofwa anatsika pabedi nkugwada.

"Amakonza, Ba Mayo."

"Ndiye iyi ndi wailesi yanji?"

Apongozi aja analoza kuwindo.

"Akulu a mpingo ali pabalaza. Pakhomo panga pakuimbidwa za manda mwana wanga atakhala pampando ngati mtembo. Mawa Lamlungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Unkadziwa iwe?"

"Anati ng'oma yokha, Ba Mayo."

Apongozi aja sanali kumuyang'ana kumaso. Ankayang'ana pansi. Nsofwa anatsatira maso awo, nkupeza kuti ngakhale anali chogwada, zala za phazi lake lakumanja zinkagunda simenti, ndendende ndi ng'oma ya Ba Sikazwe. Pabedi Lombe anali atagwira chitsulo cha windo, akupukusa kamutu kake uku akuseka.

"Hm," anatero apongozi. "Ndi zam'magazi."

Anatuluka osatseka chitseko.

Nsofwa anagwira phazi lija ndi dzanja ngati lingathawe. Anaganiza za nkhuku zimene anasosola, za masiku amene sanapite kukagulitsa, za mmene anapemphera chitenje chofanana kwa amayi amene ena a iwo sankamulankhula chitengereni mimba. Zonsezo zinali zitaima pachipata, zikuphikidwanso ndi dzuwa, chifukwa cha madoda awiri: wina sangasiye kuimba asanashikulidwe, wina sangashikule nyimbo isanasiye. Akanawasiya, akanafika madzulo ali pomwepo.

Anatuluka. Anadutsa pabalaza osagwada, anadutsa pakhonde pambali pa apongozi aamuna, anadumpha chitenje cha pachipata. Anthu ena anayamba kuimba nthungululu poyesa akubwera kudzavina. Bambo ake atamuona nkhope yawo inawala, anapendeketsa gitala kwa iye monga ankachitira ali kamwana. Iye sanawayang'ane. Anapita kuwilibala, nkugwira mawaya a kuseri kwa chimkuzamawu, amene anakula akuuzidwa kuti asawakhudze, nkukoka ndi mphamvu zonse.

Anazuka awiri nthawi imodzi, nkugundana. Panathetheka moto, chimkuzamawu chinatsokomola kamodzi, utsi wonunkha mphira nkutuluka kumbuyo.

Mawu a Ba Kapembwa anapitirira okha pang'ono, opanda chowanyamula. Nsofwa anali asanawamvepo choncho. Anali mawu aang'ono, a munthu wokalamba wopuma movutika. Kenako nawonso anasiya. Ba Sikazwe anagunda ng'oma kamodzi kena mosadziwa, nkuika chikhato pachikopa.

"Aaa!" unatero msewu wonse.

"Ndi mwana wawo ameneyo!" anakuwa mayi wina ali pampanda. "Mwana wawo weniweni!"

Nsofwa anaima mawaya ali m'manja. Sanadziwe kowaika. Bambo ake anayang'ana utsi uja, anayang'ana mawaya, kenako anamuyang'ana iye. Anavula gitala pang'onopang'ono nkupatsa mnzawo. Atatembenukira kwa anthu anali akumwetulira.

"Abale, mwaona?" anakweza mawu. "Chinthuchi chinayamba kufuka ife osaona. Mwana wanga waona utsi ali m'nyumba, wathamanga kudzatipulumutsa tisanapse tonse. Mwana wa wokonza mawailesi ameneyu! Muombereni m'manja!"

Panaomba anthu awiri kapena atatu. Aliyense anali ataona chimene chinayamba, dzanja kapena utsi.

Ba Kapembwa anamulanda mawaya aja mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Lowa m'nyumba, mayo," ananong'ona. "Mkazi wa matebeto saoneka panja."

Nsofwa asanafike n'pakhonde pomwe, anamva Bana Katongo akululutira kumbuyo kwake. Bashi Chomba anali atatsika masitepe nkuponya ndalama ija pachitenje. Amayi analowa ndi nyimbo za pakamwa ndi m'manja basi, akuyenda chogwada pofika pakhomo, miphika nkutsika umodziumodzi. Bana Katongo anamudutsa Nsofwa pakhonde ngati akudutsa mzati.

M'nyumba zonse zinayenda monga ziyenera. Amayi aja anamusambitsa Chomba m'manja, anamuonetsa mbale iliyonse nkumuuza dzina lake, anzake akuseka kuti anenepa tsiku limodzi. Nsomba inali isanasase. Nsofwa ankamva zonsezi ali kuchipinda, ataima pawindo. Msewu unali utayera, anthu atabalalika. Anyamata olimbirana wilibala aja panalibe ndi mmodzi yemwe. Anaona Chomba atazemba pampando nkuthamangira kuchipata, akuwapempha madoda aja ndi manja awiri kuti alowe adye. Bambo ake anapukusa mutu uku akuseka, akuloza wilibala. Kenako anagwira zigwiriro okha, Ba Sikazwe atagwirizira chimkuzamawu kuti chisagwe, nkuyamba kukwera kamtunda ka ku Wusakile.

Apongozi aakazi anabwera kudzamutenga kuchipinda. Anamugwira padzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, nkupita naye kukhitchini kumene akazi a akulu a mpingo ankadya.

"Chikanda mukuchitamachi waphika ndi uyu," anatero. "Bana Lombe. Mwaona mmene wathetsera chipongwe chija? Ife tonse tinangoti kakasi. Ameneyu ndi wa pakhomo pano."

"Wachita bwino, Bana Lombe," anavomera mayi wina pakamwa pali todzaza. "Makolo enawa amafunika kuwalera."

Nsofwa anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, nkuthokoza. Dzina limene analidikira nthawi yonseyi linamugwera ngati chovala chonyowa. Anamupatsa chikanda kuti alawe, iye nkuchiika pambali.

Alendo atapita Chomba anamupeza akutsuka miphika kuseri.

"Bana Lombe," anatero motsitsa mawu, "nyimbo ija ine ndili nayo pafoni. Kuntchito timaiyika tsiku lonse."

"Ndiye bwanji simunaponye inu?"

"Ine ndimaloledwa kudzuka? Ukanadikira pang'ono, Ba Tata angawa akanatopa nkuponya. Ndimawadziwa."

"Mukanadikira inu, mphika uli pamutu panu."

Chomba anatenga mphika umodzi nkuyamba kuukwecha, chinthu chimene amake akanaona akanakomoka. Nsofwa sanamuletse.

Miphika itabwezedwa ku Wusakile, Nsofwa anabereka Lombe nkudzera kumsika. Kabenchi ka bambo ake kanali pamalo pake, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa maloko. Mawailesi a anthu anali atakankhidwira pambali. Chimkuzamawu chinali chogona chafufumimba, kumbuyo kotsegula, matumbo ake ali panyuzipepala.

"Wabwera ndi chikanda kapena wabwera chimanjamanja?" anafunsa Ba Kapembwa osadzutsa mutu.

Nsofwa anaika kaphukusi pabenchi. Mawu amene anawakonza njira yonse anamuthawa.

"Chikonzeka?"

"Chimene chapsacho anasiya kupanga iwe usanabadwe. Ndafunsa mpaka ku Ndola."

"Nanga Loweruka kuholo muimba ndi chiyani?"

"Tikabwereka cha kutchalitchi kwa apongozi ako." Anaseka mpaka kutsokomola. Anamasula Lombe kumsana kwa amake nkumukhazika pamwendo, namupatsa kachitsulo kozungulira kuti aziseweretsa.

"Munati ng'oma yokha, Ba Tata."

"Ndinatero. Tinayesa, pabwalo pa amako aang'ono. Kang'oma kamodzi, amayi aja mawu osatuluka, ngati tikuperekeza wamasiye. Ndinati mwana wanga ndi mmodzi, anapita kwa eni ake usiwa wokhawokha, ine osamupatsa ngakhale supuni. Lero ndili ndi chinthu chimene dziko lonse likuchifuna, ndimumane?" Anakanda chibwano. "Ndinaganiza ngati woimba, sindinaganize ngati kholo. Palibe kanthu. Akukuitana chiyani tsopano pakhomo paja?"

Nsofwa anayang'ana pansi.

"Bana Lombe."

"Basi. Ndiye sichinapse pachabe."

Akanakonda akanamutukwana. Akanamutukwana akanayankha, akanawakumbutsa za makosi a amayi aja ndi za nsomba. Koma iwo anamasula kaphukusi, ananyema chikanda, kwinako nkumupatsa Lombe.

"Koma tandiuza zoona," anatero akutafuna, "poti iwe makutu uli nawo. Pakati paja, Sikazwe sakuthamanga?"

Nsofwa anafuna kunena kuti sakudziwa, kuti nyimboyo sanaimvetsere.

"Akuthamanga," anatero. "Mukamalowa kachiwiri amakusiyani m'mbuyo. Ngakhale pawailesi zili choncho."

Ba Kapembwa anamenya benchi mpaka tizitsulo tinadumpha.

"Ndinamuuza! Iwe Mwila," anaitana wosoka nsapato, "wamva? Ndinamuuza mdala ameneyu, akuti makutu anga ndiwo atha!"

Nsofwa anatenga mwana wake nkumubereka. Nthawi ya minibasi za masana inali itakwana, ndipo chikanda sichidzigulitsa chokha.

Matebeto amenewa anadya izi. Nkhuku zonse za Bana Katongo ndi ziwiri za Ba Kapembwa, thumba la makala, mtedza umene Nsofwa ankasungira malonda, ndi sabata imene sanakhale pasiteji. Mbale imodzi yadothi inasweka pobwerera. Azakhali achikulire aja anagona ndi khosi mpaka anapita kuchipatala. Bana Katongo amamuyankha Nsofwa moni, koma nkhani sayamba. Chimkuzamawu sichinadzukenso, chili pansi pa benchi ndipo amaikapo mawailesi odikira eni ake. Kuholo Amalasha anaimba ndi kachimkuzamawu kobwereka, mnyamata wa ku Lusaka uja nkunena kuti mawu ake si amene anajambula, ndipo ulendo wokaimba m'matauni umene ankawakonzera anauimika kaye. Makondakitala anasiya kumuseka Nsofwa, ambiri amagula kwa mayi wa pambali pake. Ba Kapembwa amabwerabe Lamlungu masana kudzaona Lombe, koma amaima kumsewu, kutsidya kwa ngalande, nkudikira kuti Nsofwa atulutse mwana. Palibe amene anawaletsa kulowa.